Mtengo wa Chakudya cha Gologolo

Mzinda wa Zomba uli m'tsinde mwa phiri, ndipo alendo ambiri amaukumbukira chifukwa cha mitengo yake. Unali likulu la boma kuyambira mu 1891 kufikira mu 1975, pamene likulu linasamukira ku Lilongwe. M'chaka choyamba chija cha 1891, Mzungu wina wodziwa za zomera, dzina lake Alexander Whyte, anatsegula munda wa boma woyeseramo mitengo ndi mbewu pafupi ndi mtsinje wa Mulunguzi. Mundawo ulipobe mpaka lero. M'mbali mwa mtsinjewo ndi m'misewu yakale ya mzindawu muli mibawa, mikuyu ndi mitengo ina italiitali imene nthambi zake zimakhudzana m'mwamba. M'menemo ndimo mokhala gologolo.

Palibe mwana wa ku Zomba amene samdziwa gologolo, koma ndi anthu owerengeka amene anakhalapo pansi ndi kupenyetsetsa kadyedwe kake. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu wodekha akakhala chete pansi pa mkuyu m'mawa, dzuwa litayamba kufunda, aona zotere. Gologolo atsika pa thunthu mutu uli pansi, naima. Ayang'ana uku ndi uku. Adumpha kawiri kapena katatu, naimanso. Akatola nkhuyu akhala tsonga, naigwira ndi timanja take tiwiri, naluma kangapo, kenaka aleka kutafuna, makutu ali tcheru. Tsamba likangogwa pafupi, iye ali kale m'mwamba, ndipo nkhuyu ija yatsala pansi yodyedwa mbali imodzi.

Anthu ena poona zimenezi amati gologolo ndi kanyama kopupuluma, kosadziwa kukhazikika. Ena amati umenewo ndi mtima wa wakuba. Koma gologolo sapupuluma pachabe. Iye ali pa malonda. Chakudya chilichonse chimene aika m'kamwa chili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo salipira ndi ndalama, alipira ndi kuika moyo wake pachiswe. Pa msika wa Zomba mayi wanzeru sagula matimati asanafunse mtengo. Ukakwera agula pang'ono, ukakwereratu angodutsa. Gologolo achita zomwezo kuyambira m'mawa kufikira madzulo.

M'Malawi muli mitundu ingapo ya agologolo. Amene amakonda nkhalango za m'mapiri ndi mitengo ya m'mitsinje, monga ya ku Zomba, ndi wokulirapo, wa mchira wautali wokhala ndi timizere tozungulira. Ubweya wake umasintha maonekedwe: ukangomera umakhala wodera, ndipo pakapita miyezi umafuwa ndi kufiirira, kotero kuti munthu angayese kuti waona nyama ziwiri zosiyana. Mjeremani wina, Wilhelm Peters, ndiye analemba za mtundu umenewu mu 1852, atawuona ku Mozambique. M'zigwa zotentha, monga m'nkhalango za tsanya za ku Liwonde, mumachuluka wina wocheperapo, wolemera magalamu pafupifupi 200, amene amatsika pansi kawirikawiri ndipo amakhala m'timagulu ta pachibale. Onsewa amayenda usana, ndipo usiku amagona m'mphako kapena m'ziyangoyango za m'mwamba.

Adani a gologolo ndi ambiri, ndipo safikira mbali imodzi. Kumwamba kuli akabawi ndi ziwombankhanga. Pansi pali nyenga, vumbwe, ndipo pafupi ndi nyumba za anthu pali amphaka, agalu ndi anyamata a malegeni. M'mitengo momwemo muli njoka monga mbobo, imene imatha kulowa m'mphako ndi kudya ana. Thupi la gologolo linakonzekera bwino nkhondo imeneyi. Maso ake ali m'mbali mwa mutu, motero amaona malo aakulu asanatembenuke. Mapazi ake akumbuyo amapotoloka, n'chifukwa chake amatsika pa thunthu mutu uli pansi osagwa. Kabawi akamuwulukira, iye amangozungulira thunthu nakhala kuseri, ndipo mbalameyo imaphonya. Anthu akafuna kutama munthu amene wafika pa ntchito imene amaidziwa bwino amati ndi gologolo pamtengo, ndipo sanama.

Koma nzeru zonsezi zimagwira ntchito pamene mtengo uli pafupi. Pabwalo loyera, gologolo ndi kanyama wamba ka miyendo yaifupi. Galu amthamangitsa namgwira, kabawi amtola ngati mwanapiye. Tsono vuto lake ndi lakuti zakudya zambiri zokoma zili pansi: masuku akugwa okha, mango, chimanga cha m'munda, mtedza woyanikidwa pamphasa. Phazi lililonse limene aponda kutalikira mtengo likweza mtengo wa chakudyacho. Pano mawu a Chichewa anakomana bwino, pakuti mtengo womera ndiwo umene umaika mtengo wogulira.

Anthu ophunzira za nyama anayesa kuona ngati gologolo amawerengeradi zinthu motere. Mu 1985 Steven Lima ndi anzake awiri, Thomas Valone ndi Thomas Caraco, anafalitsa zimene anapeza poyang'ana agologolo otuwa a ku America. Iwo ankaika zidutswa za mabisiketi, zina zazing'ono zina zazikulu, pa malo otalikirana mosiyanasiyana ndi mitengo. Kenaka ankayang'ana ngati gologolo adyera pomwepo kapena anyamula chidutswacho kukadyera mumtengo.

Gologolo akanakhala wosamala za mimba yokha, bwenzi akudyera pomwepo nthawi zonse, pakuti kupita ndi kubwera kumataya nthawi. Akanakhala wosamala za moyo wokha, bwenzi akunyamula chidutswa chilichonse. Koma sanachite ichi kapena icho. Zidutswa zazing'ono ankakonda kudyera pomwepo, pakuti kachidutswa kotere kamatha msanga kuposa ulendo wopita kumtengo. Zazikulu ankakonda kunyamula, pakuti kuzidya kumatenga nthawi yaitali, ndipo nthawi yonseyo akanakhala poyera. Chinanso chimene chingadabwitse wowerenga ndi ichi: chakudya chikakhala kutali kwambiri ndi mitengo, kunyamula kunkachepa. Ulendo wautali wobwerezabwereza umadya nthawi yambiri, ndiponso munthu wothamanga pabwalo amaoneka kwa aliyense. Motero gologolo ankalolera kumeza msangamsanga ali pomwepo.

Mlimi wa ku Chinamwali kapena ku Sadzi amene ali ndi mtengo pafupi ndi bwalo lake angakumbuke kuti zimenezi anazionapo. Njere za chimanga zomwazika gologolo amatola ndi kudyera pansi. Koma chitsononkho chokhala ndi njere, kapena bango laling'ono, amalimbana nalo kuti alikweze. Ndipo makoko a mtedza samapezeka pamphasa pomwe anaba. Amapezeka atawunjikana patsinde pa mtengo, pansi pa nthambi imene amakonda kukhalapo.

Patapita zaka zitatu, mu 1988, munthu wina wophunzira, Joel Brown, anafalitsa njira yoyezera mantha a nyama. Mantha saoneka ndi maso ndipo sangaikidwe pa sikelo, koma iye anapeza pogwirira. M'chipululu cha Arizona ankasakaniza timbewu tonga mawere ndi dothi losefa m'mbale zofanana, naziika zina pansi pa zitsamba, zina poyera. Mbewa za m'chipululu ndi agologolo okhala m'mauna ankabwera kudzadya. Pambuyo pake iye ankasefa dothilo ndi kuyeza mbewu zotsala.

Nzeru yake inali yotere. Nyama ikafika pa mbale, mbewu zoyamba zimapezeka mosavuta. Zikamachepa, pamafunika kufukula nthawi yaitali kuti ipeze imodzi, ndipo pofukula mutu umakhala pansi, maso osaona zakumwamba. Imafika nthawi imene kambewu kotsala sikalingana ndi ngozi yokhala pamenepo, ndipo nyamayo imachoka. Pamalo pamene ilibe mantha imafukula mpaka kutsala pang'ono kumaliza. Pamalo poopsa imangotola zapamwamba. Chotero mbewu zotsala m'mbale zili ngati kalata imene nyamayo yalemba, yonena kuti malo ano ndimawaopa chotere. Kuchokera pamenepo njira imeneyi yayesedwa pa nyama zambiri m'maiko ambiri, ndipo pa agologolo a m'mitengo kawirikawiri mbale yakutali ndi mitengo ndiyo imatsala ndi chakudya chochuluka.

Aliyense wodziwa kuwerenga manambala angathe kuyesa zimenezi kwawo, popanda kugula kanthu. Atenge mbale ziwiri zofanana, athiremo mchenga wouma wofanana, ndipo m'mbale iliyonse asakanizemo mtedza woswa 30. Imodzi aike patsinde pa mtengo umene agologolo amakonda, inayo aike poyera, mapazi khumi kapena khumi ndi asanu kuchokera pamtengopo. Aike m'mawa, achotse dzuwa lisanalowe, kuopa kuti makoswe angalembe nawo kalatayo. Nkhuku zitsekeredwe, pakuti nkhuku ya pamudzi siopa bwalo ndipo ingamalize mbale zonse ziwiri gologolo asanatsike. Madzulo awerenge mtedza wotsala, alembe m'kope. Tsiku limodzi silikwanira. Achite motero sabata yathunthu, chifukwa masiku oyamba gologolo amaopa mbale yeniyeniyo, poiyesa msampha.

Komabe mtengo umene gologolo alola kulipira sukhala umodzi chaka chonse. Mu Novembala ndi Disembala, masuku ndi mango zikapsa, chakudya chimakhala ponseponse, ndipo alibe chifukwa chotsikira pabwalo la munthu. Mu Juni ndi Julayi, pamene chisanu chimatsika m'phiri ndipo nkhungu imaphimba Ku Chawe, thupi laling'ono limafuna chakudya chambiri kuti lifunde, pamene zipatso zachepa. Nthawi imeneyo amalimba mtima. Wamkazi woyamwitsa nayenso amafika pamene mnzake wokhuta sangafike. Uku si kupusa, kapena dyera lija limene linagwetsa pusi chagada. Njala nayo imapha, ndipo kanyama koopa kwambiri kangafere m'mphako popanda kabawi kukakhudza.

Maso okha sakwanira, choncho gologolo amadyanso ndi makutu. Amamvera mbalame. Apumbwa ndi timbalame tina tikayamba kulalata, iye amaleka kudya ngakhale sanaone kanthu, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu 2019 ophunzira a pa koleji ya Oberlin ku America anapeza china choposa apa. Ankaliza kulira kwa kabawi pa makina, ndipo agologolo ankadzidzimuka. Kenaka ena ankawalizira kaphokoso ka timbalame tongocheza pakudya, ena ayi. Amene anamva timbalame tikucheza anachepetsa kuyang'anayang'ana msanga kuposa anzawo. Ndiye kuti gologolo samvera mfuu ya ngozi yokha. Amamveranso mtendere wa anansi ake, monga mmene mlendo wofika pamudzi usiku amalimbira mtima akamva anthu akuseka pabwalo.

Iyenso amabweza ngongoleyo. Akaona mdani amalira mobwerezabwereza uku akugwedeza mchira, ndipo nkhalango yonse imadziwa. Agologolo a m'tsanya aja akaona njoka saithawa kutali. Amaima poti singawafikire ndi kuilalatira pamodzi ndi mbalame. Alenje akale ankadana nako kanyamaka chifukwa kankawaulula kwa nyama, koma ankadziwanso kuti pamene gologolo walalata mosaleka ayenera kuponda mosamala.

Za agologolo a m'mizinda pali nkhani ina. Mu 1996 Michael Bowers ndi Bianca Breland anayesa mbale zija ku Virginia, kuyambira m'nkhalango mpaka m'tauni, napeza kuti agologolo okhala pafupi ndi anthu ankasiya chakudya chochepa kuposa a kutchire. Koma zimenezi sizingangotengedwa ndi kuikidwa pa Zomba. Kumeneko anthu a m'mizinda amawaponyera agologolo chakudya. Kuno mnyamata akaona gologolo aona ndiwo, ndipo dzanja lipita m'thumba kukafuna mwala. M'munda wa boma uja, momwe anthu amangodutsa kapena kukhala pa udzu, gologolo angalole munthu kumuyandikira pang'ono. M'makomo a ku Chikanda sangayerekeze. Kanyamaka kamaphunzira khalidwe la anthu a pamalo pake, ndipo sikalakwitsa kawirikawiri.

Mlimi angapindule ndi kudziwa zonsezi. Mtedza ndi chimanga zoyanika aziike pakati pa bwalo loyera, kutali ndi mtengo, ndi mpanda, ndi denga limene nthambi zimalikhudza. M'munda wochita malire ndi nkhalango, mizere ya m'mphepete ndiyo imadyedwa koposa, ndipo kusenga tchire pakati pa mitengo ndi mbewu kumathandiza. Ena akapsa mtima amadula mtengo wonse. Kumeneko ndi kuwotcha nkhokwe pofuna kupha khoswe, pakuti mtedza umene gologolo angabe pa chaka sungafanane ndi mthunzi, zipatso ndi nthaka imene mtengowo umagwira pa malo otsetsereka ngati a ku Zomba. Ndipo kabawi, amene amayi amamtemberera chifukwa cha anapiye, ali ndi ntchito ina imene sayamikidwa nayo. Tsiku limene wangozungulira m'mwamba osagwira kanthu, walondera mphasa ya mtedza, walonderanso munda kwa mbewa. Chilombo chimachepetsa zodyedwa m'njira ziwiri, pakupha ndi pakuopseza, ndipo njira yachiwiriyi imagwira nyama zambiri nthawi imodzi.

Nkhani yaikulu ili kuphiri. Phiri la Zomba ndi lalitali kupitirira mamita 2,000, ndipo boma linaliika kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1913. M'zaka za atsamunda mbali yaikulu ya pamwamba pake inabzalidwa paini, mtengo wa matabwa umene kwawo ndi ku Mexico. Mitengo yachilengedwe inatsala makamaka m'mitsinje ndi m'zigwembe, monga ku mathithi a Williams ndi m'mbali mwa Mulunguzi, mtsinje umene damu lake limamwetsa mzinda wonse. Pansi pa paini sipamera zipatso zambiri, koma nthambi zake zinali njira. M'zaka zapitazi paini wambiri wadulidwa, mitengo ya m'mapeto a phiri yapita ku nkhuni ndi makala, ndipo moto wa mu Seputembala ndi Okutobala umanyambita zotsalazo. Munthu woima mumzinda amaona yekha zipsera za phirilo.

Kwa munthu, malo oyera a mamita 50 pakati pa nkhalango ziwiri si kanthu. Adutsa asanamalize kupereka moni. Kwa gologolo wa m'mitengo amenewo ndi mtsinje wodzaza. Chakudya chingakhalepo tsidya linalo, koma mtengo wake wakwera kuposa mmene angalipirire. Motero nkhalango ikadukaduka, gologolo amataya zambiri kuposa mitengo yodulidwayo: amatayanso imene yatsala kutsidya. Palibe amene wamupha, koma malo ake odyera achepa, ndipo wosadya mokwanira sabereka ana ambiri.

Nayo nkhalango imataya. Gologolo ndi wobzala mitengo wosalembedwa ntchito. Akanyamula chipatso kukadyera pabwino, njere zina zimagwa m'njira. Wa m'tsanya uja amakwirira njere patsinde pa mtengo kapena pa chitsa cha udzu kuti adzadye m'tsogolo, ndipo zina amaziiwala kapena amafa asanazifukule. Ku America, Michael Steele ndi anzake anaonetsa mu 2014 kuti agologolo otuwa amakwirira njere zawo zazikulu kunja kwa mthunzi wa mtengo, pamalo poyerako, chifukwa patsinde akuba anzawo amafukulapo kawirikawiri. Apa gologolo ali pakati pa mantha awiri, a kabawi ndi a mbala, ndipo njere yabwino imamkankhira kunja pang'ono. Kumeneko n'kumenenso mbande imapeza dzuwa. Umu ndi mmene mphepete mwa nkhalango mumasendera pang'onopang'ono.

Koma kusenderako kuli ndi malire ake. Gologolo atuluka mapazi owerengeka, osati theka la phiri. Pa malo aakulu opserera njere zake sizifikapo, ndipo ngati mphepo, mbalame kapena mileme sizibweretsa mbewu, pamamera udzu wokhawokha umene udzapsanso chaka chamawa. N'chifukwa chake pobzalanso mitengo m'phiri, mzere wosaduka wotsata mtsinje uli ndi phindu limene mitengo yobalalika patalipatali ilibe, ngakhale chiwerengero chake chikhale chofanana. Mzere wotere umasunga madzi, ndiponso ndi msewu wa nyama zazing'ono.

Pamene mzerewo waduka, munthu wokwera phiri mu Disembala angaone zimene zimachitika. Tsidya lina la malo opserera pali msuku umodzi umene nkhwangwa inausiya, ndipo pansi pake masuku ali mbwee. Tsidya lino gologolo afika pa nthambi yomaliza, naima. Agwedeza mchira, ayang'ana kumwamba, ayang'ana masukuwo. Atsika pa thunthu mpaka pakati, nakhala pamenepo kanthawi. Kenaka atembenuka, nabwerera m'kati mwa nkhalango kukafuna nkhuyu zouma za dzana.